Seva ya ku Mufakose

Kuno magetsi amabwera anthu atagona,
ndiye ntchito yanga imayamba ndi kukuwa kwa agalu.
Kompyuta ndinaitola pa Magaba, madola khumi ndi awiri,
yopanda chivundikiro, fani yake ikutsokomola ngati mlonda mu Juni.
Ndaikhazika pamwamba pa kabati ya Mai Marufu,
pakati pa Baibulo ndi chitini cha mabatani,
ndaiuza: kuyambira lero ndiwe seva.
Ntchito yako n'kugawa.
Wopempha usamufunse ngati walipira lendi.

Waya wa dishi walowera pazenera, pomwe galasi linasweka kale.
Pulogalamu ikutsika,
kamzere kobiriwira kakukwawa ngati kombi ya pa Mbudzi madzulo,
bandulo yanga ikusungunuka ndikuona.
Yatha kutsika. Ndavomera zonse zomwe sindinawerenge.
Kenako yanunkhiza kumwamba
n'kubwera ndi matchanelo makumi anayi ndi atatu:
alaliki, alaliki, mpira wa dzana, alaliki,
ndi ina yongoonetsa nsomba zikusambira.

Tsopano opempha.
Nyumbayi ili ndi zitseko zisanu ndi ziwiri, chilichonse ndi loko wake.
Shingi wabweretsa foni yong'aluka nkhope,
namwino wa kuseri wandisiyira laputopu ndi kakalata,
a Chimpeni afika okha, jekete pamwamba pa zogonera,
atafukata tabuleti ngati khanda la eni,
mphatso ya mwana wawo wa ku Joni amene saimba.

Ndalemba adiresi ya seva. Yakana.
Ndalembanso. Yakana.
Ndazimitsa rauta, ndawerenga mpaka khumi, ndayatsa.
Akuti khomo n'lotseka.
Khomo liti, m'nyumba yomwe ngakhale chimbudzi chilibe chotsekera?
Maola awiri ndikutukwana makina osalakwa,
tiyi wazizira kawiri,
kufikira diso lagwa pa kanambala kamodzi:
ndinaika eyiti, pofunika naini.
Chala changa chomwe, mfiti ya m'nyumba.

Mawu achinsinsi, bambo, ndatero.
Aganiza. Ati: lemba Kasinje.
Makina ati n'ngaafupi, onjezani manambala.
Ati: ika chaka chimene ndinakwera sitima.
Ndaika. Makina ati tsopano n'ngolimba.
Iwo aseka, dzino limodzi, ati: ndikudziwa.

Za mpira alibe nazo ntchito.
Ati: mwana wanga, funa ya kwathu.
Ndatsika nayo mndandanda mpaka pansi penipeni,
pomwe dzina lake lalembedwa molakwika.
Ndadina.
Kagudumu kayamba kuzungulira pa galasi lakuda,
kuzungulira,
kuzungulira,
ine thukuta, ndayamba kale kupepesa,
za mitambo, za waya, za fani yodwala.
Ati: usavutike.
Ndadikira zaka makumi asanu,
kagudumu aka kangandiuze chiyani?

Ndiye mwadzidzidzi mayi wa duku lachikasu,
nkhani za dzulo madzulo zobwerezedwa kwa osagona,
nkhope yake ikuphwanyika timabokosi n'kulumikizikanso,
koma mawu athunthu, osathyoka,
chinenero chomwe kuno timachinong'ona pa maliro pokha.
Akuloza mapu ndi dzanja:
mvula yamphamvu ku Dedza, ku Ntcheu, ndi madera ozungulira.

A Chimpeni sananene kanthu.
Ayandikiza tabuleti kukhutu ngati wailesi.
Kenako adzuka, atsegula chitseko,
ayang'ana kumwamba kwa Harare
kouma gwa, nyenyezi mbuu, fungo la zinyalala zopsa.

Faifi koloko, thi! magetsi apita.
Fani yatsokomola komaliza.
Ndikukulunga mawaya mumdima, ndikuwerenga za kombi,
Mai Marufu akuti ndalama yanga Lachisanu,
Lachisanu lake sanalitchule.

Pageti a Chimpeni andigwira mkono.
Usikuuno ukabwera, ati,
ukaifunse seva yakoyo
ngati inagwadi.